FOV: nambala imene imalamula zimene wosewera gemu amaona

M'magemu ambiri a masiku ano, kaya a pakompyuta, pa PlayStation, pa Xbox ngakhalenso ena a pafoni, muli kamzere kamene osewera ochuluka amangokadutsa akalowa m'gawo la Settings. Pakamzerepo pamakhala zilembo zitatu, FOV, ndipo pambali pake pali nambala: pena 70, pena 80, pena 90. Zilembozi zikuimira mawu a Chingerezi akuti field of view, ndipo tanthauzo lake ndi kukula kwa dera limene wosewera amaliona pasikirini nthawi imodzi asanatembenuze kamera. Deralo amaliyeza m'madigiri, monga momwe ana asukulu amayezera ngodya pa phunziro la masamu. Nambala ikakwera, munthu amaona zambiri za kumanzere ndi kumanja. Ikatsika, amaona dera lochepa, koma zinthu zimaoneka zazikulu komanso zapafupi.

Nambalayi imaoneka yachabechabe, koma imakhudza zinthu zitatu zimene wosewera aliyense amazidziwa bwino: kuona mdani asanakuone, kulasa chimene walozetsa mfuti, ndi kutha kusewera nthawi yaitali popanda litsipa kapena mseru. Pali anthu amene adasiyiratu magemu owomberana poganiza kuti matupi awo sagwirizana nawo, pomwe vuto lidali nambala yosayenerana ndi kukula kwa sikirini yawo komanso mtunda umene amakhalira. Nambala yoyenera aliyense palibe. Chimene chilipo ndi njira yopezera yanu, ndipo njirayo imayamba ndi kudziwa chimene mumataya mukaikweza kapena kuitsitsa.

Zenera limene silikula

Maso awiri a munthu amaona dera la madigiri pafupifupi 200 kuchokera kumanzere kukafika kumanja, ngakhale kuti mbali imene maso onse awiri amaonera limodzi ndi ya madigiri pafupifupi 120. Pakati penipeni, pamene timaona bwino moti n'kuwerenga zilembo, ndi pochepa kwambiri: madigiri awiri okha, kukula kwake ngati chikhadabo cha chala chachikulu mkono utatambasulidwa. Mbali yotsalayo ntchito yake yaikulu ndi kutitsina khutu kuti chinachake chasuntha. Nyama nazo zidagawana mphatsoyi mosiyana. Mbuzi ndi nkhuku, zimene zimakhala moyo wosakidwa, zili ndi maso m'mbali kuti zione fisi kapena mphamba akadali patali. Kadzidzi ndi mphaka, poti ndi alenje, maso awo adaloza kutsogolo kuti aziyeza bwino mtunda wa chimene akufuna kumbwandira. Wosewera gemu yowomberana ndi mlenje komanso nyama yosakidwa nthawi imodzi, ndipo pa FOV ndi pamene amasankha kuti apendekere mbali iti.

Sikirini ili ngati zenera loonera dziko la m'gemu, ndipo zeneralo silikula mukakweza nambala. Chimene chimachitika n'chakuti gemu imapanikiza zinthu zambiri pamalo omwewo, motero chilichonse chimachepa. Kuchepako si kwapang'ono. Mukachoka pa madigiri 80 n'kupita pa 105, munthu woima pakati pa sikirini amatsala ndi pafupifupi magawo awiri mwa atatu a msinkhu wake. Mukafika pa 120, msinkhuwo sufika ndi theka lomwe. Mdani amene ankaoneka bwinobwino kutsidya kwa bwalo amasanduka kachitsotso, ndipo mutu wake, umene mukufuna kulasa, umakhala wa timadontho towerengeka. Mukatsitsa nambala, mdaniyo amakula ndi kuyandikira, koma mnzake wodzera m'mbali mumamudziwa zipolopolo zitayamba kale kukupezani.

Palinso kupotoka kwa chithunzi. Magemu ambiri amajambula dziko m'njira yoti mizere yowongoka ikhalebe yowongoka, ndipo malipiro ake ndi akuti zinthu za m'mphepete zimatamuka. Amene adajambulapo gulu la anthu paukwati ndi kamera yotambalala ya pafoni, ija imalembedwa 0.5, akudziwa momwe oima kumapeto amaonekera onenepa ndi a mitu yopendekeka, pomwe akwati pakatipo ali bwinobwino. M'gemu zimateronso. Pa 90 kutamukako sikuoneka kwenikweni, koma pa 120 makoma a m'mbali amakhala ngati akukudutsani pa liwiro. Masamu a kajambulidwe kameneka salola n'komwe kufika pa madigiri 180, chifukwa pamenepo sikirini ikadayenera kukhala yopanda malire.

Kumene 90 idachokera

Gemu ya Doom, imene kampani ya id Software ya ku Texas m'dziko la America idatulutsa mu 1993, inkaonetsa madigiri 90, ndipo wosewera sankatha kusintha. Quake ya kampani yomweyo, ya mu 1996, idayambiranso pa 90, koma idalola munthu kulemba lamulo lakuti fov n'kuika nambala ya kumtima kwake. Akatswiri ambiri a mipikisano ya Quake adazolowera kuikweza kupitirira 100, chifukwa m'gemu yothamanga chotero, momwe adani amadumpha kuchokera mbali zonse, kuona ponseponse kumaposa kuona patali. Mbiri imeneyi ili ndi chikumbutso chake mu Minecraft ya pakompyuta. Kamzere ka FOV kamayambira pa 30, pa 70 pamalembedwa kuti Normal, ndipo mukakakokera kumapeto, pa 110, m'malo mwa nambala pamatuluka mawu akuti Quake Pro.

Nambala imodzi, matanthauzo atatu

Apa ndi pamene ambiri amasokonekera, makamaka amene amakopera manambala a akatswiri a pa YouTube. FOV ikhoza kuyezedwa chopingasa, kuchokera kumanzere kukafika kumanja, kapena choimirira, kuchokera pamwamba kukafika pansi, ndipo makampani opanga magemu sadagwirizanepo kuti onse azilemba iti. Magemu ena amalemba yopingasa monga momwe ilili pasikirini yamakono yotambalala ya 16:9. Overwatch ndi Valorant ali m'gulu limeneli. Ena, monga Minecraft ndi Rainbow Six Siege, amalemba yoimirira. Gulu lachitatu, momwe muli Counter-Strike ndi Apex Legends, limalemba yopingasa koma motengera masikirini akale a 4:3, aja a chimsana chachikulu amene adali m'maofesi zaka zapitazo.

Zotsatira zake n'zodabwitsa. Nambala ya 90 ya Counter-Strike, ikafika pasikirini ya 16:9, ndi madigiri 106 opingasa, kuposa 103 ya Valorant, ngakhale kuti papepala ikuoneka yaing'ono. Ya 70 ya Minecraft, poti ndi yoimirira, ndi madigiri 102 opingasa. Ya 110, pamene kamzere ka Apex Legends kamathera, imapitirira madigiri 120. Choncho munthu amene wamva kuti 90 ndiyo yabwino n'kuiika m'magemu ake onse akhoza kukhala akuona madigiri 90 enieni mu Overwatch, 106 m'gemu yowerengera za 4:3, ndi 121 mu Rainbow Six Siege, kenako n'kumadabwa kuti dzanja lake likumupusitsa bwanji.

Njira yodziwira ndi kuwerenga mawu amene alembedwa pakamzerepo. Horizontal ndi yopingasa, Vertical ndi yoimirira. Pakapanda mawu, onani manambala: kamzere koyambira cha m'ma 60 n'kuthera pa 90 nthawi zambiri kamakhala ka yoimirira. Kusandutsa yoimirira kukhala yopingasa sikutheka pongochulukitsa ndi 16 n'kugawa ndi 9. Mukatero, 60 idzakupatsani 107, pomwe yankho lenileni lili pakati pa 91 ndi 92. Okonda masamu atenge theka la ngodya yoimirira, apeze tangent yake, aichulukitse ndi 16 n'kugawa ndi 9, kenako abwezere yankholo ku madigiri n'kuliwirikiza kawiri. Enafe, pa intaneti pali timapulogalamu taulele towerengera zimenezi.

Nkhani ina yoyandikana nayo ndi ya chimene gemu imachita sikirini ikakhala yotambalala kuposa imene opanga ankaiganizira. Magemu ambiri amasunga msinkhu wa chithunzi n'kuwonjezera za m'mbali, moti mwini sikirini yotambalala amaona zochuluka. Ena amasunga m'mbali n'kudula pamwamba ndi pansi. BioShock itatuluka mu 2007, eni masikirini otambalala adadandaula kwambiri atazindikira kuti akuona zochepa poyerekeza ndi anzawo a masikirini akale, mpaka kampani ya 2K idawonjezera poti munthu n'kusinthira.

Mtunda, sikirini ndi mseru

Sikirini iliyonse imatenga gawo lakelake la dera limene maso amaona, malinga ndi kukula kwake ndi mtunda umene mwakhala. Sikirini ya kompyuta ya mainchesi 24 ndi yotambalala masentimita pafupifupi 53. Mukakhala masentimita 60 kuchokera pomwe ili, imadzaza madigiri pafupifupi 48 a maso anu. TV ya mainchesi 43 pabalaza, inu muli pampando mamita awiri ndi theka, imadzaza madigiri 21 kapena 22 okha, ngakhale ndi yaikulu kwambiri. Foni ya mainchesi 6.5 yogwiridwa chogona masentimita 30 kuchokera kumaso imadzaza pafupifupi 28. Manambala onsewa ndi ochepa poyerekeza ndi 80 kapena 90 amene gemu ikuonetsa, kusonyeza kuti pafupifupi aliyense amasewera ndi chithunzi chopanikizidwa. Ubongo umalolera, koma uli ndi malire ake.

Lamulo lotuluka apa ndi losavuta: sikirini ikamadzaza kwambiri maso anu, FOV iyenera kukwera. N'chifukwa chake magemu opangidwira PlayStation ndi Xbox, amene amaseweredwa pa TV munthu ali patali, akhala akubwera ndi nambala yotsika, pomwe a pakompyuta amayambira cha pa 90. Vuto limabuka gemu ya pa TV ikasamutsidwira pakompyuta nambala osaisintha, kapena munthu akakokera mpando pafupi ndi TV yaikulu. Chithunzi chimaoneka ngati mukuyenda mutayang'anira m'paipi, ndipo mukangotembenuka pang'ono dziko lonse limasesereka mwamphamvu.

Mseru umabwera chifukwa cha kusagwirizana kwa mboni ziwiri za m'thupi. Maso amauza ubongo kuti mukuthamanga ndi kukhota, pomwe ziwalo za mkati mwa khutu, zimene zimayeza kusuntha kwa mutu, zimati mwakhala phee pampando. Ndi vuto lomwe limagwira munthu wowerenga mauthenga pafoni basi ikutsika zikhotakhota za Khwekhwerere, kungoti kumeneko khutu ndi limene likumva kuyenda, maso ali pachinthu chosasuntha. FOV yochepetsetsa pasikirini yapafupi imakulitsa kusagwirizanaku, koma yokwera mopitirira nayo imachititsa chizungulire kaamba ka kuthamanga kwa zinthu za m'mphepete. Half-Life 2 ya kampani ya Valve, ya mu 2004, idabwera ndi 75 m'malo mwa 90 imene osewera a pakompyuta adaizolowera, ndipo ambiri adadandaula za mseru, makamaka pachigawo choyendetsa bwato m'ngalande.

Pa zida zovala kumaso za VR nkhaniyi imatembenuka. Kumeneko chithunzi chimadzaza maso, motero magemu ambiri amadetsa dala m'mphepete wosewera akamayenda, kuchepetsa dera loona kuti mseru usamugwire.

Chilungamo pampikisano

Popeza woona zambiri ali ndi mwayi, magemu ena a mipikisano salola munthu kusankha. Valorant, ya kampani ya Riot Games, idatuluka mu 2020 ili yokhomeredwa pa 103. Counter-Strike nayo siilola kusintha pamasewero a mpikisano. Overwatch imalola kutsitsa mpaka 80, koma kukwera imathera pa 103. Mu 2019, kampani ya Epic Games idaletsa osewera a Fortnite kusintha kaonekedwe ka sikirini pamipikisano, njira imene ena ankagwiritsa ntchito kuti aziona zambiri pamwamba ndi pansi kuposa anzawo.

Mkangano waukulu udali wa Call of Duty: Warzone. Gemuyi itatuluka mu 2020, a pakompyuta ankatha kukweza mpaka 120, pomwe a PlayStation ndi Xbox adakhomeredwa pa 80, chonsecho onse ankakumana m'bwalo limodzi. Mpata udatsekedwa mu 2022 pamene Modern Warfare II ndi Warzone yatsopano zidapereka kamzereka kwa onse.

Makampani sachita izi mwankhanza chabe. Gemu sijambula zimene kamera siikuona, ndipo imeneyi ndi njira yaikulu yopulumutsira mphamvu za makina. Mukakweza FOV, nyumba, mitengo ndi anthu oti ajambulidwe amachuluka, ndipo pamakina ofooka chiwerengero cha zithunzi pa sekondi chimatsika, gemu n'kuyamba kudodoma. Amene akusewera pa laputopu ya kuofesi kapena pafoni yotsika mtengo akumbukire zimenezi. Kuona adani atatu m'mbali gemu ikudodoma sikupindula kanthu.

Galimoto, mpira ndi zoopsa

Magemu oyerekeza kuyendetsa galimoto, monga iRacing ndi Assetto Corsa, ali ndi yankho la masamu. Cholinga chawo n'chakuti sikirini ikhale ngati galasi lakutsogolo la galimoto yeniyeni, motero FOV iyenera kufanana ndi gawo limene sikiriniyo ikudzaza m'maso mwanu, monga madigiri 48 aja a sikirini ya mainchesi 24. Poyamba zimaoneka zothina ndipo galimoto imakhala ngati ikuyenda pang'onopang'ono, koma mtunda wa pokhota umaoneka monga ulili, ndipo malo opondera mabuleki amayezeka bwino. Chotayika ndi magalasi a m'mbali, n'chifukwa chake okonda magemuwa amayandikiza sikirini kapena kuika masikirini atatu. Magemu a galimoto ongosangalatsa amachita zosemphana: amakweza FOV mwakachetechete liwiro likakwera kuti mtima udumphe. Minecraft nayo imatero munthu akayamba kuthamanga.

M'magemu a mpira wamiyendo, amene ndiwo amadzaza tinyumba tosewerera magemu m'matauni mwathu, mawu akuti FOV simuwapeza, koma funso lake lilipo. Mu EA Sports FC, imene kale inkatchedwa FIFA, muli mitundu ya kamera monga Tele Broadcast ndi Co-op, komanso poikira kukwera kwa kamera ndi kuyandikira kwake. Kamera yakutali imaonetsa wosewera wa kumphepete akuthamangira mpata. Yapafupi imathandiza kuona mapazi pochenjeretsa wotchinga kumbuyo. Magemu oopsa, a mizukwa ndi nyumba zamdima, nthawi zambiri amathinitsa chithunzi mwadala kuti musadziwe chimene chili pambali panu. Kuwatambasula kumachepetsa mantha amene mudalipira ndalama kuti muwamve, koma ngati mutu ukuwawa, tambasulani basi.

Kasinthidwe kake

Yambani ndi kukhala pamene mumakhala masiku onse, chifukwa nambala yosankhidwa mutaweramira sikirini idzakhala yolakwika mukatsamira. Dziwani mtundu wa FOV imene gemuyo ikulemba. Pakompyuta ya patebulo, m'magemu owomberana oonera m'maso mwa msilikali, yambirani pakati pa 90 ndi 105 yopingasa. Pa TV yakutali kapena pafoni, yambirani chakumunsi, cha m'ma 80, popeza adani amakhala aang'ono kale. Lowani m'bwalo lophunzirira kuwombera, sankhani chandamale chakutali, kenako kwezani madigiri asanu nthawi imodzi. Pamene chandamalecho chayamba kukuvutani kuona, kapena makoma a m'mbali ayamba kutamuka mokusowetsani mtendere, bwererani sitepe imodzi. Osewera ndi mfuti zolasa patali amakonda kutsalira kumunsi. Olimbana m'tinjira topanikiza ndi m'zipinda amapindula ndi nambala yokwera.

Mukasankha, ipatseni masiku angapo. FOV ikakwera, kutembenuka kumaoneka ngati kwachedwa ngakhale simudakhudze liwiro la mouse kapena la padi, chifukwa ngodya yomweyo tsopano ikutenga malo ochepa pasikirini. Kuyendanso kutsogolo kumaoneka kofulumira. Dzanja ndi maso zimafuna nthawi kuti zigwirizanenso, ndipo wosintha nambala akangogonja kamodzi sazolowera iliyonse.

Mu Call of Duty muli posankha pena pakuti ADS Field of View, pokhudza chimene chimachitika mukakweza mfuti kumaso. Mukasankha Independent, chithunzi chimayandikira kwambiri, mdani n'kukula. Mukasankha Affected, chimatsatira FOV yanu. Mdani amakhala wocheperapo koma kugwedezeka kwa mfuti kumaoneka kochepa, ndipo maso sadzidzimuka ndi kusintha kwadzidzidzi.

Ngati vuto lanu ndi mseru, FOV musaisiye yokha pamlandu. Zimitsani Motion Blur, kumene ndi kuchita chimbuuzi kwa chithunzi potembenuka, ndipo chepetsani Head Bob ndi Camera Shake, kugwedezeka kwa kamera poyenda. Yatsani nyali m'chipinda kuti maso aziona khoma losasuntha kuseri kwa sikirini, ndipo chizungulire chikayamba imani, musalimbane nacho. Gemu ikakhala yopanda kamzere ka FOV, sunthani mpando: chithunzi chothina chimapiririka mukakhala patali. Magemu ena a pakompyuta oseweredwa ndi munthu mmodzi amalola kusintha nambalayi m'mafayilo awo. Koma m'magemu a pa intaneti, mapulogalamu apadera okakamiza FOV imene gemu siilola amatengedwa ngati chinyengo, ndipo akaunti ikhoza kutsekedwa pamodzi ndi zonse mudagula momwemo.